Amanditcha Pulitendi

Pa Thambani mukafunsa dzina langa lenileni, ambiri angokanda m'mutu. Koma mukanena kuti mukufuna Pulitendi, ngakhale wogulitsa makala akulozerani nyumba ndi mlomo. Dzinalo anandipatsa kuti ndizigwetsa nkhope ndikamadutsa pamsika. Ine ndinalitola, ndipo mpaka lero wina akandiitana nalo ndimavomera mokweza, kuti woitanayo achite yekha manyazi.

Ndinabadwira kuno ku Mwanza, makolo anga atathawa nkhondo kwathu ku Mozambique. Nkhondo itatha tinabwerera, ndiye sukulu yanga yonse ndinaphunzirira tsidya ilo, kufupi ndi Zobue, m'Chipwitikizi. Sindinali wa kumchira m'kalasi, zimenezo ndinena popanda kupepesa. Chinandilekezetsa panjira ndi mimba. Mwini mimbayo anali mnyamata wa kabaza wa ku Thambani, wamtali, wodziwa kuseketsa, amene ankawoloka ndi katundu wa amalonda. Sanathawe, pamenepo ndimuyamike. Ananditenga chitengwa, ndipo ndinadzakhala pamudzi wa kwawo, pomwe ndilibe munda wanga, ndilibe malume, ndilibe ngakhale mtengo woti ndiuloze kuti uwu anabzala ndi amayi anga.

Maganizo obwerera kusukulu anandipeza pa boda. Nyengo ya manachesi ndinkakwera pikapu kupita nawo kumeneko kukagulitsa kwa madalaivala a mathiraki. Ena mwa madalaivalawo ankachokera ku Tete kapena ku Beira, Chingerezi chawo chotsimphina, ndiye akasemphana ndi maejenti okonza mapepala a katundu, wina ankakuwa kuti, "Itanani mayi wa manachesi uja!" Ndinkasiya beseni, kukamasulira mkangano wa anthu ovala nsapato zopolisha, kenako kubwerera padzuwa. Tsiku lina mayi wina wogwira ntchito m'maofesi amenewo anandiuza uku akusenda nachesi langa: "Inu Chipwitikizi muli nacho kale. Mukanakhala ndi Chingerezi ndi pepala la Fomu 4, bwenzi muli m'kati muno." Anangolankhula podutsa, mwina anaiwala tsiku lomwelo. Ine sindinaiwale.

Amuna anga poyamba sanakane. Anaseka n'kunena kuti, "Pita, tione ngati ufike nayo mvula." Choncho ndinalembetsa pa sukulu ya masana ija amati opeini, ndili mayi wa ana awiri, kukakhala desiki limodzi ndi atsikana amene ndinawaona akukwawa.

Aphunzitsi athu a Chingerezi anali bambo wochepa thupi wochokera kumpoto. Ankavala taye ngakhale mu Okutobala, thukuta lili kamukamu. Nkhondo yawo yaikulu inali yolimbana ndi aneni aulesi. Ankati Chingerezi cha munthu chimaonekera pa aneni, ndipo amene amangodalira go, do, get ndi want ali ngati mlimi wa khasu limodzi lobuntha. Ukalemba get, ankazunguliza ndi cholembera chofiira n'kulemba pambali obtain kapena acquire. Ukati look at, iwo ankati scrutinise. Ana ankadandaula kuti mawu amenewo ndi othyola lilime.

Ine apo m'pamene ndinapezera mpata. Timawu ting'onoting'ono ta Chingerezi, ta put off ndi give in tija, tinkandizunguza mutu. Koma aneni aakuluaakuluwo ndinapeza kuti ambiri ndi abale anga a tsidya, angosintha malaya. Insist ndi insistir wathu yemwe uja. Acquire ndi adquirir. Persist, confirm, resolve, onsewo ndinakula nawo. Ana akamaluma zolembera, ine mkono unali kale m'mwamba. Zinkandikoma kwambiri kuona anyamata amene ankandinena kuti agogo akupotoza makosi kuti aonere zanga.

Tsiku lina aphunzitsi analemba want pabolodi n'kulikhwatcha. "Lero mawu awa tawaika m'manda," anatero. "Aliyense aimirire atiuze chimene akufuna pamoyo wake, koma asatchule malemuwa." Wina anati wish, wina anati desire. Ine wanga ndinali naye kale, mneni wolemera wochokera kwathu. Tsidya ukati pretendo ndiye kuti wamanga mfundo mumtima, chinthucho uchita. Ndinaimirira, kukonza chitenje, n'kulankhula momveka kuti ngakhale wodutsa panja amve:

"I pretend to finish this school. I pretend to work at the border."

M'kalasi monse phwete linaphulika. Mtsikana wina anagona pa desiki n'kumamenya ndi dzanja, misozi ili mbwembwembwe. Aphunzitsi analuma mlomo kuti asaseke nawo.

"Mayi, mukufuna kunena kuti chiyani?"

"Kuti ndatsimikiza. Sukuluyi ndimaliza."

"Ndiye mneni wake ndi intend. Pretend ndi kunamizira. Mwatiuza kuti mukungonamizira kuphunzira."

"Kwathu si choncho ayi."

"Kwanu mwina si choncho," anatero, "koma mawuwa atawoloka boda anasintha khalidwe."

Ndinakhala pansi makutu akutentha. Sindinapse mtima ndi ana aja, ana ndi ana. Ndinapsa mtima ndi mawuwo, ngati m'bale wako akakukana pagulu.

Mtsikana wogona pa desiki uja anali mchemwali wa mnyamata wina wa kabaza. Pofika m'mawa mwake nkhani inali itafika pa siteji, pansi pa mtengo wa mango pomwe amuna anga amadikirira makasitomala ndi anzawo. Anthu amene sangathe ngakhale kulemba pretend anasanduka akatswiri a Chingerezi. Wina ankati, "Achimwene, akazi anu aulula okha pagulu kuti akungonamizira. Ndiye masana onsewa amakhala kuti?" Wina n'kuwonjezera, "Muwafufuze aphunzitsi a taye aja." Ndikamadutsa, mabelu a njinga ankalira onse pamodzi. "Pulitendi! Pulitendi uyo!"

Amuna anga ndi munthu woseketsa, koma sapirira kusekedwa. Madzulo ena anafika pakhomo n'kuimika njinga mwaukali mpaka belu linalira lokha.

"Sukulu ija yatha," anatero. "Ine sindingakhale choseketsa cha siteji yonse."

"Bambo, ndinangophonya mawu amodzi."

"Mawu amodziwo andivula pagulu. Ukapondanso kumeneko, utenge chikwama chako. Boda ukuidziwa."

Apongozi anga aakazi, amene nyumba yawo yayang'anizana ndi yathu, anamva zonse, poti khutu lawo limakhala pakhomo pathu kuposa pakhomo pawo. Anayankhira ali pamkeka pawo pomwepo: "Ndinanena ine. Mkazi wa tsidya ukamulekerera amakukwera pamutu."

Kulemera kwa mawu aja ndinakudziwa. Tsidya kunangotsala amayi anga okalamba ndi kanyumba kodontha. Ana anga anali pasukulu kuno. Kuwatenga kukanakhala kuwadula pakati monga ndinadulidwira ine, ndipo kuwasiya sindikanatha. Koma kusiyanso sukulu chifukwa choti amuna akuluakulu aliza mabelu, zimenezo zinakana kutsika pakhosi panga.

Ndiye ndinayamba kuchita ndendende zimene ankandinenazo. Masana aliwonse ndinkasenza beseni la tomato n'kutsanzika kuti ndikupita kumsika. Kumsikako ndinali ndi mnzanga wogulitsa nyemba, mayi wosafunsa mafunso. Ndinkamusiyira beseni, kutenga makope amene ankandisungira pansi pa benchi, n'kuzemba kudzera kuseri kwa zigayo, njira yosadutsa pa siteji. Pobwera ndinkasinthanso, makope pansi pa benchi, beseni pamutu.

Poti makope sindikanabwera nawo kunyumba, aneni ndinkawasunga pa anthu. Mneni aliyense ndinkamupezera mwini wake pamudzipo. Apongozi anatenga meddle ndi exaggerate, kulowerera za eni ndi kukokomeza, ndipo anawakwana ngati anachita kuyesedwa kwa telala. Mbuzi ya aneba imene inkatha nkhwani wanga inali devour. Amuna anga ndinawapatsa forbid, ndipo masiku amene ankadya osalankhula ndinkawawonjezera sulk. Ndikamachapa kapena kupeta, ndinkayang'ana munthu n'kumutchula mneni wake chamumtima. Apongozi ankadabwa kuti mtengwa wawo wayamba liti kumwetulira akawaona, ndipo anauza anthu kutchalitchi kuti kusiya sukulu kwandipatsa ulemu.

Ine ndekha ndinali ndisanadzipezere mneni, mpaka tsiku limene aphunzitsi anabweretsa defy. Anati ndi kukana lamulo la munthu wamphamvu kuposa iwe, osagwada. Mtima wanga unadumpha. Atapempha chiganizo, ndinaimirira asanandiloze n'komwe.

"I defy my husband every afternoon."

Ana anaseka, koma ulendo uno ankaseka ali mbali yanga. Ena anaomba m'manja. Aphunzitsi okha sanaseke. Anapendeka mutu monga ankachitira mawu akakhala pamalo posayenera.

"Chiganizocho chamangidwa bwino. Koma amuna anuwo akudziwa kuti muli muno?"

"Ayi."

"Ndiye ameneyo si defy. Defy amachitika mwini lamulo akuona. Zochitira kumbuyo zili ndi aneni ake, evade, deceive." Anaima pang'ono, choko chili m'manja. "Kapena uja mukumudziwa kale uja."

Sikuti ankandilangiza za banja langa ayi. Munthu uja ngakhale nyumba itayaka angayambe wakonza mneni wa amene akukuwa kuti moto. Atangomaliza anatembenukira kubolodi n'kupitiriza ndi mawu ena, osadziwa kuti andibaya. Zinandipweteka kuposa tsiku loyamba lija. Tsiku lija anthu anandiseka pa chinthu chimene sindinatanthauze, koma tsopano dzinalo linali loona. Ndinali Pulitendi wa Chingerezi weniweni, mayi wamkulu wozemba kuseri kwa zigayo ngati wakuba nkhuku, pamene chimene ndalakwa n'kufuna kuphunzira. Ndinatenga beseni kwa mnzanga madzulo amenewo ndili ndi mkwiyo wosadziwa pouika, ndipo makope sindinawasiye pansi pa benchi.

M'mawa mwake ndinagwira ntchito zanga zonse. Ndinasesa, ndinatunga madzi, ndinaphikira ana, kuti pasapezeke wonena kuti sukulu yagonetsa nyumba ndi njala. Dzuwa litapendeka ndinasamba, kuvala bulauzi yanga ya ku tchalitchi, n'kutuluka makope ali m'manja, beseni nditalivundikira pakhonde. Apongozi anaona, pakamwa pali yasa. Ndinawapatsa moni mwaulemu n'kudutsa.

Mantha ndinali nawo, ndisaname. Koma ndinatenga msewu waukulu, wodutsa pa siteji penipeni. Amuna anali pansi pa mango paja, ena atakhala pa makaliyala, ena akupopa matayala. Belu limodzi linayamba kulira, lina n'kutsatira, kenako onse anasiya ataona kuti sindikudutsa koma ndikubwera pomwepo. Ndinaima patsogolo pa njinga ya amuna anga.

"Bambo, ndikupita kusukulu. Masiku onsewa ndakhala ndikupita, tomato uja amagulitsa ndi mnzanga. Lero ndati mudziwe kuchokera pakamwa panga. Mundinyamula kapena ndiyende?"

Mnyamata uja, mchimwene wa mtsikana wogona pa desiki, anayesa kuseketsa: "Eee, Pulitendi wayambapo."

Ndinamutembenukira. "Dzinalo ndi langa, achimwene, ndipo muzilitchula bwino. Inu mukudziwa tanthauzo limodzi, lomwenso munachita kuuzidwa ndi mwana. Kwathu limatanthauza munthu amene wamanga mfundo. Lizani belu lanulo, ndikumva."

Sanalize. Amuna anga nkhope inali itada. Ankayang'ana pa handulo ya njinga, osati ine. Ndinkawadziwa bwino, ndinaona kuti theka la mtima wawo likufuna kuseka, koma maso onse a siteji anali pa iwo.

"Ndinanena kale," anatero motsitsa mawu. "Ukapita, ukapeza chikwama chako panja."

"Ndamva."

Sanandinyamule. Ndinayenda wapansi, ndinafika mochedwa, ndipo zimene aphunzitsi anaphunzitsa tsiku limenelo sindinamvepo kanthu. Maso anali pabolodi, mtima uli pa ana anga. Ndinkadzifunsa kuti ndikapeza chitseko chokhoma ndikagona kuti, ndipo pikapu yopita ku boda ndikaikwera ndi nkhope yanji.

Nditafika pakhomo, chikwama chinalidi panja. Chinali chikwama changa chachikulu chamizeremizere chija ndinabwera nacho kuchokera tsidya, chodzaza mpaka zipi kukanika kutseka, atachiimika pakati pa bwalo kuti aliyense wodutsa aone. Apongozi anali atasendeza mkeka wawo kufupi kuti asaphonye kanthu. Ana anga anali pakhonde, wamng'onoyo akulira. Amuna anga anali m'nyumba, chitseko chili chotsegula.

Ndinaika makope pamwamba pa chikwamacho, kuchinyamula, n'kulowa nacho m'nyumba. Ndinatulutsa zovala chimodzichimodzi n'kuzibwezera pachingwe ndi m'dengu momwe zimakhala. Amuna anga anali atakhala pampando, akundiyang'ana.

"Sunamve zimene ndinanena?"

"Ndinamva. Munati ndikapeza chikwama panja, ndipo ndachipezadi. Nyumba ino njerwa zake ndinasenza nawo pamutu panga. Mukafuna ndichoke, itanani ankhoswe mukawauze kuti mukundisiya chifukwa cha Chingerezi. Ndikufuna ndikamve mukuzinena."

Ndinatuluka kukasonkha moto.

M'mawa mwake ndinapitanso kusukulu, kudutsanso pa siteji, ndipo pobwera chikwama chinalinso pabwalo. Ndinachilowetsanso. Zinakhala choncho tsiku ndi tsiku mpaka anthu anazolowera. Amayi obwera ku mjigo ankafunsana kuti, "Chatuluka kale?" Zovala zanga zinatha kukwinyika ndi kulongedzalongedza, ndipo zipi inadukiratu. Kunyumba sitinkalankhulana kupatula za mchere ndi sopo. Musaone ngati zinali zoseketsa kwa ine. Masana aliwonse pokhota pa ngodya ya mpanda wathu mtima unkagunda, poganiza kuti mwina lero ndipeza ankhoswe atakhala pabwalo, kapena chitseko chili ndi loko watsopano. M'kalasi tinafika pa endure ndi withstand, aneni a kupirira, ndipo sindinafunikire kuwapezera mwini wina.

Mvula yoyamba inagwa tili m'kalasi, ija amuna anga ankati sindifika nayo. Inagwa yamphamvu, malata akuchita phokoso mpaka aphunzitsi anasiya kulankhula n'kumangolemba. Ine maganizo anathamangira ku chikwama. Zovala zanga zonse zinali mmenemo, ndi chitenje chimene amayi anandipatsa pochoka kwathu. Itangokata ndinathamanga, matope akundithimbirira mpaka m'mawondo, ndikukonza kale mawu oti ndikawalavulire amuna anga.

Chikwama chinali pamalo pake, pakati pa bwalo, chitanyowa chonse. Apongozi anali pakhonde pawo, akuyang'ana. Ndinachigwira ndi mphamvu zonse monga mwa masiku onse, ndipo ndinatsala pang'ono kugwa chagada, chifukwa chinanyamuka ngati chikho. Ndinasuzumira m'kati. Munalibe kanthu, koma katoni yakale imene anaipinda kuti chikwamacho chizioneka chodzaza.

Ndinalowa nacho m'nyumba monga mwa nthawi zonse, ndikuchita ngati chikulemera, poti apongozi ankaonabe. Zovala zanga zonse zinali pachingwe, zouma, chitenje cha amayi chili chopindidwa bwino pamwamba pa dengu. Amuna anga anali atagwada pakona, akupukuta tcheni cha njinga chimene chinali choyera kale.

Ndinaika chikwama chopanda kanthucho patsogolo pawo, madzi akudontha.

"Bambo, ndiye m'nyumba muno Pulitendi ndi ndani?"

Sanadzutse mutu, koma mapewa awo anayamba kugwedezeka. Anayesa kutsokomola kuti abise, zinakanika.

"Usakauze anthu ku siteji," anatero.

"Sindikauza munthu. Inu muzitulutsa chikwama chanucho mpaka mudzatope. Koma mawa kuli matope, ndipo ine sindikufuna kuchedwa. Mukandipeza pa siteji pomwepo, mukandinyamule anzanu onse akuona."